Mkono wa Abambo pa Njira ya kwa Kapitawo

Ndikukumbukira bwino chisanu cha chaka chimene amayi anabereka mwana wawo wotsiriza, mlongo wanga Fabiano. Chakacho sindingachitchule, poti ife zaka sitinkawerenga, koma tiyi wa kuseri kwa mudzi wathu anali atangobzalidwa kumene ndipo ine ndinali ndisanavinidwe. Tinkakhala m'malo a esiteti, kumtunda kwa njira yotsikira ku Luchenza. Makolo anga anachokera ku dziko la Apwitikizi atasenza mitolo pamutu. Mzungu anawalola kumanga nyumba ndi kulima kamunda ka chinangwa ndi nandolo, iwo n'kumamugwirira ntchito m'tiyi. Malowo sanali athu, ndipo ngakhale mwana wosavala ankadziwa zimenezo. Banja lina loyandikana nafe linathamangitsidwa chifukwa bambo wa pakhomopo anakankha kapitawo pachifuwa. Nyumba yawo anaigwetsa ife tikuona, ndipo nandolo wawo anakolola ndi anthu ena.

Abambo anga, a Mulepa, anali odulira tiyi. Anali munthu wamtali, wa chifuwa chotambalala, wa manja okhakhala ngati khungwa. Malaya anali nawo amodzi, oyera, opita nawo ku tchalitchi. Tikangobwerako Lamulungu, amayi ankawavula malayawo pakhomo pomwe, n'kuwapinda, n'kuwaika m'dengu kudenga, poti ankadziwa kumene amuna awo amalowera akatha kupemphera. Masiku ena onse abambo ankayenda chifuwa pamtunda, nsalu m'chiuno basi. Nyengo yozizira ankadzola mafuta a nsatsi kuti khungu lisang'ambike, ndiye ankanyezimira ndi kuterera ngati mlamba wongovuulidwa kumene. Fungo la nsatsi ndikalimva, mpaka lero ndimatembenuka kuyesa alowa m'nyumba.

Kwawo kumene anachokera anali katswiri wogwetsana, ndipo luso limenelo anabwera nalo pamodzi ndi khasu ndi mbewu ya kalongonda. Lamulungu masana, kukakhala kuti kulibe mowa pafupi, ankasonkhanitsa anyamata a pa esiteti pa mchenga wa kamtsinje kathu n'kumawaphunzitsa. Choyamba chimene ankaletsa chinali kugwira nsalu ya mnzako. Nsalu inali chinthu chosowa, moti mnyamata akang'ambitsa yake ankabindikira m'nyumba mpaka mayi ake asoke. Anyamatawo nawonso ankadzola nsatsi potsanzira aphunzitsi awo. Tsono wobwera kumene ankathamangira kugwira mnzake m'chiuno, n'kutsetsereka mpaka kukapezeka wakumbatira akakolo, nkhope ili mumchenga. Abambo ankamusiya alavule kaye mchengawo, kenako n'kumuuza kuti chitseko chilichonse chili ndi pogwirira, ndipo pogwirira pa munthu wopanda malaya ndi mkono.

Ankaonetsa pang'onopang'ono. Dzanja limodzi ankagwira nalo pamfundo, pamene dzanja la mnzako limalumikizana ndi mkono, poti pamenepo pali kafupa kotulukira ndipo mafuta sathandiza kanthu. Dzanja linalo ankalilowetsa mkati n'kukola kuseri kwa mkono, pamwamba pa chigongono, zala zonse zili pamodzi ndi chachikulu chomwe, ngati ngowe yothyolera mapapaya. Ankati chala chachikulu chikapatuka chokha, mnzako amathawira pomwepo. Ukagwira chotero usakokere kwa iwe, poti akugwera ndi thupi lake lonse. Uzikokera chopingasa, mkono wake udutse patsogolo pa mimba yake, ndipo udikire kaye anyamule phazi. Mkono ukapita phewa limatsatira, ndipo phewa likapita munthu watembenuka, wakupatsa nthiti. Apo ndiye umamutchera ndale kuchidendene, iye n'kupita yekha pansi. Panalinso kagwiridwe kena kopanira mkono m'khwapa n'kumuponya munthu kudzera pachiuno, koma kameneko kankafuna msinkhu.

Lamulo lalikulu linali la msana. Munthu akagunda msana pansi, zake zatha tsiku limenelo. Sabwereza, samenya munthu, satukwana. Amakakhala pambali mpaka dzuwa lilowe, mkwiyo wake n'kukagona nawo. Abambo ankati kwawo anaona anthu akutulutsirana mipeni chifukwa cha mawu akuti tibwereze. Pa lamulo limeneli sankaseka. Mnyamata wina atagwa n'kudzuka ndi chibakera, anamuthamangitsa pamchengapo ndipo sanapondeponso.

Atsikana sitinkaloledwa kumeneko. Koma miphika imafuna mchenga, ndipo mchenga wabwino unali komweko. Ndinkanyamula miphika yonse ya m'nyumba, yoyera kale yomwe, n'kukakhala pamwala chakumunsi, manja akukwecha maso ali kwina. Mphika wina wa ndiwo ndinaukwecha mpaka unabooka pansi, ndipo ndinanena kuti unali wofooka kale. Zimene ndinkaona ndinkakaziyesera pa munsi, pa nthambi ya mgwafa, ndi pa mnzanga wina wofatsa amene pambuyo pake anayamba kusintha njira akandiona ndikubwera kuchitsime.

Wina amene anaphunzira osaitanidwa anali amayi. Abambo sanali chidakwa cha tsiku ndi tsiku, koma akalawa otheka, mowa wathu wa Chilomwe, ankakumbukira aliyense amene anawalakwirapo kuyambira kwa Apwitikizi. Amayi anali aafupi, owonda. Ankapita kukawatenga kumowa, n'kuwagwira mkono ndi manja awiri, lina pamfundo lina pamwamba pa chigongono, n'kumabwera nawo pang'onopang'ono. Amayi anzawo ankasirira, amvekere banja limeneli ndiye lokondana ngati la azungu. Sankadziwa kuti abambo akafuna kukhotera kwa mdani wawo, amayi ankangokokera mkonowo chopingasa pang'ono, mwamuna yense uja n'kupezeka wayang'ana kwawo. Sanawagwetsepo ndi kamodzi komwe. Ankangowawongolera.

Tsono Loweruka lina m'mamawa nthawi ya amayi inakwana. Amayi achikulire analowa m'nyumba, ife ana anatipirikitsira kutali. Ng'oma yoitanira anthu ku ntchito inalira, koma abambo sanapite. Ankangozungulira kuseri kwa nkhokwe, mpeni wodulira uli m'manja, mpaka anamva kulira kwa khanda ndi nthungululu. Pamene ankafika kumunda dzuwa linali litakwera.

Kapitawo wathu anali a Jemusi, munthu wamfupi wovala jekete la kaki, amene ankayenda ndi ndodo yoyezera msinkhu wa tiyi wodulira. Sanali woipitsitsa ayi, koma ankakonda kuseketsa anthu pogwiritsa ntchito munthu mnzawo. Abambo atafotokoza chimene chinawachedwetsa, a Jemusi anawagogoda pamutu ndi ndodo ija, pamaso pa anthu onse ndi anyamata a kumchenga omwe, n'kunena kuti, “Kodi wabereka ndiwe? Bwanji osabwerera ukagone m'chikuta?” Anthu anaseka, poti kapitawo akaseketsa umaseka. Abambo anamaliza ndime yawo, anabwera kunyumba, anakana kudya, n'kukhala pansi kunola mpeni umene unali wakuthwa kale.

Lamulungu kunacha ndi chiperoni, kamvula kaja kosaoneka kugwa kwake koma konyowetsa mpaka m'mafupa. Mapiri onse anasowa, mitengo ya bulugama ikungodontha. Titabwera ku tchalitchi abambo anavula okha malaya n'kundipatsa ine kuti ndipinde. Anafunda chiguduli kumutu n'kupita kumene anzawo anawaitana kuti akasangalale nawo za mwana wamwamuna.

Amayi anali m'chikuta. Kwa inu amene simunazione, mayi akabereka sankatuluka m'nyumba mpaka mchombo wa mwana utagwa, ndipo mwamuna wake sankaloledwa kulowamo kapena kumukhudza. Ankati ukaswa zimenezi mwana amatupa n'kufa, ndipo panalibe mayi amene akanayesa kuti aone ngati n'zoona. Pakhomo pankakhala azamba amene anathandiza pobereka, kulondera.

Ine ndinali pakhonde kusenda chinangwa, zala zitauma ndi kuzizira, pamene ndinaona Che Saidi akubwera chothamanga. Che Saidi anali Msilamu wa ku Luchenza amene ankabwera pa njinga Lamulungu lililonse kudzagulitsa nsomba zouma ndi mchere, ndipo akatha malonda ankakonda kukaonerera zogwetsana. Poti sankamwa, Lamulungu masana ankakhala mwamuna yekhayo m'mudzi mwathu woyenda molunjika. Tsiku limenelo njinga analibe. M'manja anali ndi chiguduli chonyowa.

Anaima patali ndi khomo ali wefuwefu. “Odi, amayi a mwana. Amuna anu anyamuka. Akuti akukamuyeza kapitawo ndi ndodo yake yomwe. Ine ndinawagwira, koma ndatsala ndi ichi.”

“Nanga amuna onse aja ali kuti?” anafunsa amayi ali mkati.

“Ali m'mbuyo mwawo, mayi. Akukaonerera.”

Ndinamva mphasa ikulira, kusonyeza kuti amayi akudzuka. Azamba anatambasula miyendo kutseka khomo, n'kunena mosakweza mawu kuti wofuna kutuluka ayambe waponda iwo. Khanda linayamba kulira. Kenako amayi anandiitana.

“Malita.”

“Ndili pano, amayi.”

“Dutsa m'tiyi wodulira, ukawapeze pa chitsikiro asanawoloke. Usataye nthawi kuwalankhula, makutu ali m'mowa. Ndipo usawagwire m'chiuno.”

“Nanga ine ndikawatani, amayi?”

“Mphika wanga unabooka uja, unabookera chabe?”

Ndinasiya mpeni ndi chinangwa pomwepo. Panalibe wondifotokozera, koma ndinkadziwa kuti abambo akangomukhudza kapitawo, mawa lake tikhala panjira, m'chiperoni, ndi khanda la mchombo wauwisi.

Tiyi wodulira si malo othamangamo. Zitsa zake zimakhala zosongoka, zofika m'mawondo, ndipo nthambi zodulidwa zimangoti mbwee pakati pa mizere. Zinandikala miyendo yonse, koma ululu wake ndinaumva mawa lake. Chimene ndikukumbukira ndi fungo la masamba ofota onyowa, ndi nkhungu imene inkandibisira ngakhale mzere wotsatira. Ndinatulukira pa chitsikiro. Pamenepo njira inkatsetsereka pa katondo mpaka pa mtanda wowolokerapo kamtsinje, kenako n'kukwera pang'ono kufika pa nyumba ya kapitawo, yopaka njereza, ya chitseko chathabwa. A Jemusi anali pampando pakhonde lawo, jekete ali chivalire, miyendo atalozetsa ku moto.

Abambo anatulukira m'nkhungumo akuimba chapansipansi nyimbo ya kwawo. M'manja analibe kanthu, koma manja amenewo sankafuna kanthu. Thupi lonse linali noninoni, mafuta pansi madzi pamwamba. M'mbuyo mwawo, chapatali ndithu, munkabwera amuna a kumowa ndi anyamata a kumchenga, onse ali duu ngati akuperekeza mkwati.

Zinthu ziwiri zimene amayi anandiletsa ndinazichita zonse, motsatana. Ndinagwada pambali pa njira monga mwana waulemu n'kunena kuti amayi akuwaitana. Anandidutsa ngati chitsa. Ndiye ndinadzuka n'kuwalumphira m'chiuno. Manja anga sanakumane n'komwe. Ndinatsetsereka mpaka pa bondo, anandikoka pang'ono osadziwa kuti akukoka munthu, kenako ndinatsala chafufumimba, m'kamwa mwadzaza dothi lofiira. Amuna aja anaseka, wina n'kunena kuti, “Mwana iwe choka apo, akuponda.”

Nditadzutsa mutu ndinaona kuti pakati pa abambo ndi mtanda uja patsala pang'ono. Ndinapukuta manja pa nsalu yanga, ndinathamanga, n'kuyamba kuyenda pambali pawo. Ndinalowetsa dzanja langa m'dzanja lawo monga ndinkachitira ndili wamng'ono popita ku tchalitchi, ndipo dzanja lawo linatseguka lokha. Ndinatsetsereza zala zanga mpaka pamfundo. Kuuzungulira mkonowo sindikanatha, koma kafupa kaja ndinakapeza. Kenako ndinawatsogolera, ndinatembenuka kuwayang'ana ndikuyenda chafutambuyo, n'kukola dzanja linalo pamwamba pa chigongono. Mkonowo unali wolemera ngati munsi wa anthu awiri.

Ndinakoka. Sipanachitike kanthu, zinali ngati ndikukoka bulugama. Anangong'ung'udza n'kupitiriza, ine ndikubwerera m'mbuyo, madzi a kamtsinje akumveka kale kumsana kwanga. Ndiye ndinasiya kuyang'ana nkhope yawo, n'kuyang'ana pansi. Mapazi awo anali aakulu, ong'aluka m'zidendene, atasenza katondo. Lina linaponda, linalo linayamba kunyamuka. Pomwepo ndinadzipachika pa mkonowo ndi thupi langa lonse ngati nyani pa nthambi, n'kuukokera chopingasa. Phewa linabwera. Nthiti zawo zinapezeka pamphuno panga, fungo la nsatsi ndi otheka. Ndinaika phazi langa kuseri kwa chidendene chotsalacho, ndipo katondo nayenso anathandiza pake. Anangoti khu, chagada, ine n'kugwera pa mkono womwewo.

Ndinkamva madontho akugwa m'masamba. Mantha amene anandigwira apo anaposa onse a m'njira, poti mwana wogwetsa bambo ake pamaso pa anthu ndinali ndisanamumvepo, ndipo sindinkadziwa chimene amamuchita.

Abambo anatsamira chigongono n'kuyamba kudzuka, maso ali ku nyumba ya kapitawo. Nthawi imeneyo Che Saidi anali atafika, chiguduli chikadali m'manja.

“A Mulepa,” anatero mofatsa, “msana wagunda.”

“Ndi matope awa.”

“Matopewa tonse taponda, achimwene, koma ife tili chiimire.”

Palibe anaseka. Anyamata a kumchenga anali atayandikira, akuyang'ana aphunzitsi awo, kudikira. Abambo anapisa dzanja kumsana, n'kulibweza lili psuu ndi dothi. Analiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana anyamatawo mmodzimmodzi, anayang'ananso kutsidya. Kenako anakhala pansi bwinobwino, miyendo atatambasula ngati mwana woyembekezera phala.

“Iwe, tabwera kuno.”

Ndinayenda chogwada, khutu nditalikonzekeretsa kulandira khofi. Anatenga dzanja langa lamanja n'kulitembenuza.

“Chala ichi chinali kuti?”

“Sindikudziwa, abambo.”

“Chinali pachokha. Ndinachimva. Ukanakumana ndi munthu wosamwa, bwenzi pano uli m'madzi umo.” Anachikanikiza chalacho pamodzi ndi zinzake. “Ndipo koyamba kaja unakoka phazi lili pansi. Wakuphunzitsa ndani zopusazo?”

“Ndinu, abambo.”

Apo ndiye anthu analephera kudzigwira. Ena anakhala pansi m'matope momwemo, Che Saidi anabisa nkhope m'chiguduli mapewa akugwedezeka. Phokosolo linafika kutsidya. A Jemusi anaimirira n'kufunsa mokweza kuti kwagwanji kumeneko, ndipo Che Saidi anayankha kuti palibe, a Mulepa akuphunzitsa mwana. Kapitawo anayang'ana gulu lonse lija, anayang'ana pamene panakhala abambo, pafupi chotero ndi mtanda. Kenako ananyamula mpando wake, analowa m'nyumba, n'kutseka chitseko chathabwa chija.

Abambo anasunthira pambali pa njira, anafunda chiguduli chawo, n'kukhala pomwepo mpaka kuwala kunayamba kuchepa, monga ankakhazikira anyamata ogwa. Anthu anabalalika mmodzimmodzi. Ine ndinakhala chapafupi, mano akugundana ndi kuzizira, osayerekeza kuchoka. Nthawi itakwana abambo anadzuka okha n'kulunjika kunyumba, ine m'mbuyo.

Amayi anamva mapazi athu. “Malita, wabwera nawo?”

“Eya, amayi.”

“Athunthu?”

“Athunthu, koma msana uli ndi matope.”

Mkatimo ndinamva kaphokoso ka munthu woseka atatseka pakamwa ndi nsalu. Atatha, anandilamula kuti nditenthetse madzi osamba, ndikawaikire abambo, ndipo ndigwade ndipepese, poti kugwetsa kholo ndi mlandu ngakhale utachita kutumidwa. Ndinachita zomwezo. Abambo anangoti amva, n'kufunsa ngati chinangwa chija chinapsa. Chinali chikadali pakhonde, chosenda theka.

Lolemba abambo anapita ku ntchito ng'oma isanalire. Palibe chinanenedwa. Kaya a Jemusi anadziwa chimene chinkabwera kwawo tsiku lija, kaya sanadziwe, koma kuyambira pamenepo ndodo yawo ikafika pa ndime ya abambo inkayeza tiyi yekha. Mchombo wa Fabiano unagwa, amayi anatuluka naye panja, ndipo nandolo wathu tinakolola tokha chaka chimenecho ndi zaka zina zambiri.

Chimene sichinathe ndi kuseka. Abambo akamadutsa pachitsime, amayi a m'mudzi ankakokera ana awo pambali n'kunena kuti, “A Mulepa, dutsani msanga, tamugwira.” Abambowo mpaka tsiku la imfa yawo ankanena kuti anagwa ndi matope. Koma Lamulungu lotsatira, nditafika kumchenga ndi miphika yanga, anainyamula okha n'kukaiika pamwala wa pafupi, amvekere mchenga wabwino uli apa. Ndinakhala pamwala umenewo mpaka chaka chimene ndinavinidwa. Anamkungwi anandiuza kuti manja a mkazi ali ndi ntchito zina, ndipo kumchenga sindinapitekonso.

Mbiriyo inanditsatira mpaka pa msinkhu wokwatiwa. Anyamata ankandipatsa moni ataima patali, manja atabisa kumbuyo. Amene analimba mtima anali a Lukasi, owumitsa tiyi ku fakitale, munthu woonda ngati bango. Anzawo atawachenjeza, anayankha kuti iwo samwa ndipo alibe kapitawo woti akamumenye, ndiye sakuona choopa. Tinakwatirana, ndipo patapita zaka tinapeza malo athuathu ku Masambanjati, kumene palibe angatigwetsere nyumba. Zaka zonse za ukwati wathu, tikasemphana mawu ankapinda manja m'khwapa n'kunena kuti, “Mayi, tiyeni tikambirane, mikono ndabisa.” Mkangano unkathera pomwepo.

Masiku ano zinthu zinasintha. Ana amabadwira ku chipatala, mawa lake mayi ali pa minibasi, bambo atanyamula khanda mchombo uli pomwepo, ndipo ana ake amakula bwinobwino. Pamene panali mudzi wathu pali tiyi yekhayekha, ndipo mchenga uja anautapa omanga nyumba. Adzukulu anga zogwetsana amakaziona pa kanema ku Luchenza, azungu onenepa akulumphirana kuchokera pa zingwe. Akabwera amayeserera pabwalo, kukokana makolala mpaka mabatani kuthothoka, poti aliyense tsopano ali ndi malaya ogwirapo. Wogwa amadzuka n'kutola mwala. Ndikawauza kuti wagwa wagwa, akakhale pansi, amati agogo simukuzidziwa izi. Ine ndimangoti chabwino.

A Lukasi anadwala dzinja lapitali. Anatha thupi, khungu n'kukhala lotentha ndi loterera ndi thukuta, moti malaya sankawafuna. Miyendo inasiya kuwamvera. Ana athu akafuna kuwatulutsa kuti akaothere dzuwa ankawanyamula m'khwapa, iwo n'kumabuula ndi ululu, ndipo powagoneka ankawapulumuka m'manja. Ndinawauza anawo kuti andisiyire. Ndinkawagwira dzanja lina pamfundo, lina pamwamba pa chigongono, n'kudikira anyamule okha phazi, ndipo tinkafika pakhonde popanda kubuula. Pobwerera ndinkawatembenuza pang'ono, n'kuwatsitsira pa mphasa mpaka msana ufike wokha.

Tsiku lina masana, sabata yawo yotsiriza, nditawagoneka chotero sanausiye mkono wanga. Anandiyang'ana ndi maso aja oseka, mawu akutuluka movutikira.

“Mayi, zaka zonsezi ndinkadikira tsiku limene mudzandigwetse. Ndikanadziwa kuti mumagwetsa bwino chonchi, bwenzi nditakuputani kalekale.”

Ndinawauza kuti agone, asiye zolongolola. Ndinawafunditsa bulangete, n'kutuluka kukaona madzi pamoto.